Dzanja Lotsala la a Japhet

Amuna anga a Japhet anawathyola dzanja lamanja pa benchi yawo yomwe, ku Area 2, dzuwa lili paliwombo, anthu akuonerera. Anawathyola ndi sipanala yomasulira matayala a minibasi. Ine Efelo panalibe, ndinali ku Area 10 ndikusita malaya a madamu. Koma mayi wogulitsa nthochi pafupi ndi benchiyo anandifotokozera zonse, mpaka mmene mafupa analirira, ndipo zina ndikanakonda akanandibisira. Ndalemba izi chifukwa kuno ku Mchesi anthu akunenabe kuti bambo a Tamando, amuna angawo, anaba. Sanabe kanthu. Analakwitsa ndithu, koma kulakwitsa kwake ndi kwina.

Anabadwira kufupi ndi Mitundu. Bambo awo anali munthu wa mpini: mbuzi ikasowa, mpini, fodya akaonongeka m'chigafa, mpini. Tsiku lina anawamenya mpaka khutu kutuluka magazi, ndipo m'mawa mwake a Japhet anakwera lole ya makala osatsanzika aliyense. M'tauni muno anagonapo pakhonde la sitolo, ananyamulapo matumba mumsika, anabayidwapo ndi botolo polimbirana katundu wa kasitomala. Kenako anapeza ntchito ya m'maluwa kwa Mayi Msowoya, a ku Rumphi, omwe amagwira ntchito m'boma ku Capital Hill. Amenewa ndiwo madamu anga mpaka lero.

Mwana wa madamu, Caleb, popita kusukulu ya kunja anasiya laputopu yakale yoti itayidwe. Inali yong'aluka pakona, ndipo mwa mabowo onse osomekamo fulashi, logwira ntchito linali limodzi lokha. A Japhet anaitola. Akamaliza kuthirira kapinga ankakhala kuseri kwa boizikota, pomwe netiweki ya m'nyumba imafika pang'ono, n'kumaonera mavidiyo ophunzitsa za kompyuta. Ine ndinabwera pambuyo pake kudzayamba ntchito ya m'nyumba. Anthu ena amafunsira mkazi ndi sopo kapena chitenje. Iwo anandibwereka foni, pobweza inali itadzaza nyimbo za kwaya. Ndinawauza kuti munthu sadya kwaya. Anati, "Ndiye mawa ndiikamo zovina, muziiwala njala."

Titakwatirana anasiya maluwa n'kukaika benchi ku Area 2, yobena nyimbo. Madalaivala a minibasi, a kabaza ndi amayi a mumsika ankabwera ndi mamemore khadi kuti awaikiremo nyimbo. Ntchitoyo imatopetsa zala: kutsegula khadi, kufufuta zakale, kusaka nyimbo, kukopera. Ndiye a Japhet analemba kapulogalamu kawokawo, komwe iwo amati sikiripiti. Ndi malangizo olembedwa mzere ndi mzere, kompyuta n'kumawatsata yokha. Unkangosomeka khadi, kusankha kaya kwaya kaya zovina, kudina kamodzi, iko n'kusesa khadi yonse kenako n'kuthiramo nyimbo. Anzawo akutumikira munthu mmodzi, iwo anali atamaliza mzere wonse.

Apa mpofunika ndifotokoze bwino, poti mpamene panagona tsoka. Kompyuta imapatsa chilichonse chosomekedwa khomo lake, ndipo makomowo imawatchula C, D, E, choncho. Pa laputopu ya a Japhet, poti bowo linali limodzi, chilichonse chosomekedwa chinkakhala E. Ndiye iwo analemba kuti: sesa E. Ndipo posonyeza kokatenga nyimbo analemba njira yonse monga inalili pa laputopu yawoyo: lowa pa C, pita m'chipinda chotchedwa Japhet, tsegula foda ya nyimbo. Ine ndimazimva chonchi. Kunyumba kwathu chitini choyamba pa shelefu ndi cha mchere, ndikhoza kukutumani mutatsinzina kuti tapani m'chitini choyamba muthire m'ndiwo. Kwa madamu chitini choyamba ndi cha soda wochapira. Mawu ndi omwewo, koma khitchini ndi ya eni.

Kuseri kwa benchi yawo kuli kashopu ka Percy, mnzawo wotsuka zithunzi ndi kudinda matisheti. Percy ali ndi kompyuta yaikulu ya mabowo ambirimbiri, kutsogolo ndi kumbuyo. Anthu ankamufunsanso nyimbo, ndiye anapempha kapulogalamu kaja. A Japhet anamupatsa monyadira, mpaka madzulo ake anandiuza kuti, "Mayi a Tamando, ntchito ya manja anga yayamba kuyenda yokha m'tauni." Sanamuchenjeze kalikonse. Sanaganizeko n'komwe kuti kompyuta ina ingakhale ndi makomo osiyana ndi awo.

Tsopano a Bauleni. Ku depoti aliyense amawatchula kuti a Cheya, poti ndiwo mkulu wa anyamata oitanira minibasi. Ndi munthu wamfupi, wa khosi ngati mtondo, wosakweza mawu. Akuti kondakitala wina atawayankha mwano anamutsekereza mutu pachitseko cha minibasi, kutseka n'kutsegula, kutseka n'kutsegula, mpaka galasi linasweka. Mwana wawo wamkazi, Angel, anamwalira chaka chatha ali wamng'ono, asanayambe sukulu. Foni yomwe munali zithunzi zake inabedwa, koma mwamwayi zinali zitakoperedwa kale mu fulashi imodzi yofiira. Kwina kulikonse kunalibe. Loweruka la sabata yomwe kunachitika tsokali abale ankakavundukula chiliza, ndipo a Cheya ankafuna nkhope ya mwanayo pa matisheti ndi pamwala. Anasiya fulashiyo kwa Percy m'mawa n'kunena kuti abweranso kudzasankha chithunzi.

Percy anaisomeka, kompyuta n'kuipatsa khomo E. Asanachite nayo kanthu kunabwera wa kabaza ndi khadi yake, akufuna nyimbo mwachangu. Percy anasomeka khadiyo pa bowo lina, iyo n'kukhala F. Anadina kapulogalamu ka a Japhet koyamba pa kompyuta yake. Iko kanachita zomwe kanauzidwa. Kanasesa E.

A Cheya atabwera n'kupeza fulashi ili mbee, sanafunse kawiri. Anamugwira Percy pankhongo n'kumuwombetsa nkhope pa makina otsukira zithunzi mpaka mano awiri anatsalira pansi. Pa sikirini panali padakali kabokosi kakuda ka mawu achingerezi onena kuti njira sinapezeke, ndipo pakati pa mawuwo panali dzina looneka bwinobwino: Japhet. Percy, magazi ali chuchuchu, analoza ndi chala.

"Werengani nokha, a Cheya. Dzina ndi ilo. Kanthuka si kanga."

Anamukokera kunja ngati thumba, anyamata ena akutsatira, mpaka pa benchi ya amuna anga.

"Japhet, mwana wanga wamuika kuti?"

"Mwana wake uti, a Cheya?"

Funso limenelo ndi lomwe linabweretsa chibakera choyamba. Anagwa chagada, benchi n'kuwagwera. Anyamata aja anawapondaponda kumaso ndi m'nthiti. Wina ananyamula laputopu n'kuimenyetsa pa mwala wa m'mbali mwa msewu mpaka mabatani anamwazikira mu ngalande. Anthu anaunjikana, ndipo monga mudziwa za m'tauni muno, wina wosadziwa n'komwe nkhani anayamba kukuwa kuti wakuba, wina kuti bweretsani tayala. A Cheya anakweza dzanja, onse n'kukhala chete.

"Uyu asafe. Akafa andibwezera ndani mwana wanga? Dzutsani benchiyo."

Anaimika benchi n'kuwagoneketsa mkono pamenepo.

"Umalembera dzanja liti?"

A Cheya sanadikire yankho. Anasankha okha lamanja. Mayi wa nthochi akuti anamenya modekha, ngati munthu akuswa mtedza wouma, kuyambira ku zala kukwera kumtunda.

"Loweruka tikuvundukula chiliza," anatero a Cheya akupukuta sipanala pa malaya a amuna anga. "Nkhope ya Angel ikapanda kupezeka, ndidzabwera kudzatenga linalo."

Ndinawapeza kuchipatala atawaika chikhakha. Diso limodzi linali litatsekeka, linalo lofiira ngati phwetekere, akuti ankaona ngati m'nyumba ya utsi. Kupolisi, potenga kalata ya kuchipatala, ananena kuti sanaone nkhope za owamenya. Ndinakalipa, koma anandifunsa kuti, "Anyamata a ku depoti sadziwa pomwe timakhala? Sadziwa njira yomwe mumadzera ndi mwana?"

M'mawa mwake kunabwera Percy, milomo ili ngati mandasi. Ndinafuna kumuthamangitsa, koma a Japhet anati alowe.

"Aise, pepa," anatero Percy. "Akanandipha."

"Zisiye zimenezo. Tandiuza, katasesa, nyimbo zinalowa?"

"Nyimbo zake ziti? Kanthu kako kanakana. Kanati njira ya kwa Japhet kulibe."

"Sizinalowe ngakhale imodzi?"

"Ndati kanakana. Kuononga kanaononga bwinobwino, koma ntchito yeniyeni kanakanika. Ngati mwini wake."

A Japhet anayamba kuseka, n'kugwira nthiti chifukwa cha ululu. Ndinaganiza kuti mutu wasokonekera. Kenako anandifotokozera. Akuti kompyuta ikafufuta chinthu sikuti yachiotcha. Imangochotsa dzina pachitseko n'kulengeza kuti chipinda chilibe munthu. Mwini wake amakhala alimobe mpaka tsiku lomwe mulowe wina. Nyimbo zikanalowa zikanapondereza zithunzi, basi kwatha. Koma pa kompyuta ya Percy panalibe chipinda chotchedwa Japhet, ndiye kapulogalamuko kanasowa kokatenga nyimbo, kanaima.

"Angel alimobe," anatero. "Bola munthu asaikemo kanthu. Efelo, fulashi ija ikufunika."

Anayang'ana Percy, Percy anayang'ana pansi. Ndinadziwa kuti wopita ndine.

Ndinabereka Tamando n'kupita ku depoti. Ndinaganiza kuti mayi wobereka mwana samumenya. A Cheya anali atakhala pa mpando wozulidwa m'minibasi, pansi pa shedi. Chapafupi, anyamata awo anali atamugoneka dalaivala wina pansi, wina atamuponda pakhosi, akuti ananyamula anthu osadikira mzere. Palibe yemwe ankayang'anako.

"Awa ndiye akazi a injiniya," anatero mnyamata wina. "Alamu, bambo aja akuombera m'manja bwanji masiku ano?"

Anzake anaseka. Ine ndinagwada patsogolo pa a Cheya.

"Bambo, ndabwera kudzapempha fulashi ija. Amuna anga akuti zithunzi zikhoza kubwerera."

Inali m'khosi mwawo, atamanga ndi chingwe cha nsapato.

"Muli mbee. Ndaona ndi maso anga."

"Akuti zilimo, zangobisika. Koma pasapezeke woikamo kanthu, ngakhale nyimbo imodzi."

"Uyu amati tiyesere kuikamo filimu tione ngati ikugwirabe," anatero akuloza mnyamata woseka uja.

"Mwaikamo?"

Anawerama n'kundigwira chibwano, zala n'kulowa m'masaya mpaka ndinamva mchere wa magazi m'kamwa.

"Mukufuna muitaye kuti umboni usowe."

Ndinangopukusa mutu. Mnyamata uja, pofuna kusangalatsa abwana ake, anakoka mbereko kumbuyo. Tamando anatsetsereka, ndinamugwira mwendo atatsala pang'ono kufika pansi, ndipo analira kulira kosatulutsa mawu poyamba. A Cheya anandisiya. Anadzuka, n'kumumenya mnyamatayo chigongono pamphuno, atagwa n'kumuonjezera chidendene m'mimba.

"Mwana sagwidwa," anatero. Kenako anavula chingwe chija n'kundiponyera pamiyendo. "Sitinaikemo kanthu. Tenga. Koma ikasowa imeneyi, sindidzafunanso dzanja."

Vuto linatsala la kompyuta. Laputopu inali mu ngalande. Ya Percy, a Japhet anaikana, anati anyamata a ku depoti azidzasuzumira pakhomo, mutu sugwira. Ndinapita kwa madamu n'kuwauza zonse, osabisa. Anavula magalasi n'kundiyang'ana masaya.

"Efelo, iyi ndi nkhani ya apolisi. Munthu sangathyole mnzake dzanja masana n'kumayendabe."

"Amayi, apolisi akamadzafika Loweruka likhala litadutsa."

Anapuma mozama. "Bwera naye Japhet mawa. Mugwiritse ntchito ya m'chipinda chowerengeramo. Koma ndikhala pomwepo, muli zinthu zanga."

Tinawatulutsa m'chipatala n'kukwera minibasi mpaka City Centre, kenako madamu anadzatitenga pa galimoto. Mlonda wa pageti atawaona nkhope anangovula chipewa. A Japhet anali ndi fulashi yawo ina yakuda, yomwe imakhala pa makiyi a nyumba. M'menemo munali pulogalamu yofukula zofufutidwa, ndi kasikiripiti kenanso komwe analemba okha koyendetsera pulogalamuyo. Koma maso sankaona zilembo. Anandikhazika ine pampando. Sukulu ndinalekeza sitandade seveni, ndipo kompyuta ya madamu ndinkangoipukuta fumbi.

"Usanasomeke kanthu, tandiwerengera makomo omwe alipo."

"Pali C. Pali D. Pali E."

"E alipo kale?"

"Ameneyo ndi kabokosi aka," anatero madamu, akuloza kachinthu kakuda kuseri kwa kompyuta. "Muli zithunzi za malemu bambo a Caleb, ndi mapepala a nyumba ino."

Thukuta linawatsika a Japhet m'mbali mwa bandeji.

"Kofukulaka nakonso ndinalemba E," anatero motsitsa. "Ndi chipinda cha Japhet chomwe. Zonse zomwe ndinalembapo ndinazilemba ngati dziko lonse ndi laputopu yanga."

Kakanafukula kabokosi ka madamu m'malo mwa fulashi yofiira. Ndipo posowa chipinda cha Japhet chokatula zofukulazo, iwo sankadziwa komwe kakanazitaya. Kakanati kazitulire mu fulashi ya a Cheya momwemo, kakanapondereza zomwe tinkafunazo. Anati tikalembenso.

Ndinasomeka yakuda, inakhala F. Yofiira anati idikire m'thumba mpaka timalize. Anandiuza potsegula, mizere ya mawu n'kuonekera. Ndinkawawerengera chilembo chimodzichimodzi, mawu ovuta madamu n'kumawatchula, a Japhet n'kumanena kuti fufuta apo, lemba ichi. Ndinkalemba ndi chala chimodzi, Tamando ali pa bere.

"Paliponse pali dzina langa, chotsa. Kasamayambire ulendo kunyumba kwanga. Kayambe kadzifunsa kuti ine ndaima pati, ndiye kapange foda pambali pake pomwepo, zofukula kaziika m'menemo. Ukakasomeka pa kompyuta ya ku Mzuzu, kapena ya ku Nsanje, pambali pake pamakhala pambali pake basi."

"Nanga E?"

"Chotsanso. Khomo limasintha ndi nyumba. Kazitchula zonse zosomekedwa, dzina lake ndi kukula kwake, munthu asankhe yekha. Akasankha kamufunsenso kuti mukunena iyi?"

Panali timizere topendekera tolekanitsa mawu a njira. Ndinalemba kena kopendekera kolakwika, ndipo titayesa kanakana.

"Kapendekera kuti?" anafunsa.

"Kutsogolo, ngati munthu wosenza nkhuni."

"Kamafunika kogwera chagada. Ayi, dikira. Tichotse tonse. Makompyuta ena amafuna kakutsogolo, ena kachagada. Tingopereka mayina a zipinda, iyo izilumikiza yokha monga mwa kwawo."

Madamu anaseka pang'ono. "Japhet, ukanakhala wosamala chonchi ndi maluwa anga, bwenzi marozi aja alipo."

"Amayi, marozi aja anadya ndi chiswe."

"Chiswe chokhala ndi chikwanje?"

Tinayamba tayesera pa khadi ya m'foni yanga. Kanaitchula dzina, kanafunsa, kanafunsanso, kenako kanafukula zithunzi zanga zakale n'kuziika mu foda pambali pake. Madamu ataona kuti kabokosi kawo sikanakhudzidwe anapita kuntchito. Ndipamene ndinatulutsa yofiira. Inakhala G. Pa mndandanda inaoneka ndi dzina lomwe mwini wake anaipatsa: Angel. Ndinasankha. Kanafunsa kuti mukunena iyi? Chala changa chinaima m'malere.

"Dina, Efelo."

Zinayamba kubwera pang'onopang'ono, zopanda mayina, manambala okhaokha. Zina zinali zoduka, theka nkhope theka phulusa. Koma zambiri zinali zathunthu. Kamtsikana koderapo, ka mano otalikirana, kali pa njinga, kali kutchalitchi ndi diresi loyera, katavala chipewa cha bambo ake chofika m'maso. Ndinkawauza a Japhet chilichonse chomwe ndikuona, iwo akungogwedeza mutu.

Panabweranso kavidiyo. Ndinakatsegula. Angel ankavina pabwalo, mayi ake akujambula n'kumaimba. Kenako panamveka mawu a a Cheya akufunsa za chinachake, foni n'kugwa pansi n'kumangoonetsa denga la khonde. Koma mawu ankamvekabe: kumenya, kumenya, mayi akupempha, mwana akukuwa kuti adadi siyani. Ndinasowa pozimitsira. A Japhet anapapasa ndi dzanja lamanzere n'kuzula waya wa sipika.

"Imeneyo sinasesedwe ndi ine," anatero. "A Cheya anaifufuta okha kalekale. Chofukula sichisankha, chimadzutsa zonse."

"Ndiye titani?"

"Akadziwa kuti taiona, zithunzi sizitipulumutsa."

Tinakopera zithunzi za mwana zokhazokha mu khadi yatsopano yomwe madamu anatisiyira. Kavidiyoko sitinakaikemo.

Lachisanu masana tinakumana mu kashopu ka Percy. A Cheya anabwera ndi anyamata awiri, ndi mayi wina wochepa thupi, wovala duku lakuda, yemwe ankamutchula Naphiri. Ndinawazindikira ndi mawu pomwe anandipatsa moni: anali mayi a Angel, oimba aja. A Cheya anabwera ndi sipanala. Anauza a Japhet kuti aike dzanja lamanzere pa tebulo, atambasule zala, ndipo anagoneka chitsulocho pamwamba pake osachisiya.

"Onetsa."

Percy analephera kulasa bowo. Ndinamulanda khadi n'kuisomeka ndekha. Chithunzi choyamba chinali mwa zoduka zija, thupi la mwana lilipo, mutu phulusa. Ndinaona mitsempha ya padzanja la a Cheya ikutupa, chitsulo chikulowa mu mnofu, zala za amuna anga zikuyera.

"Pitirizani, zilipo zambiri," ndinatero. Mawu anatuluka ngati si anga.

Chachiwiri chinali cha pa njinga. Naphiri anaika dzanja pakamwa n'kukhala pansi pa simenti. Percy anapitiriza, chimodzichimodzi. M'kashopumo munkangomveka kudina, ndi oitanira minibasi patali. Pa cha diresi loyera Naphiri anati, "Ndi chimenecho. Icho n'chimene chipite pamwala." A Cheya anaonetsetsa mpaka chomaliza, n'kuuza Percy kuti abwerezenso kuyambira poyamba. Chitsulo chinali chidakali pomwepo.

Kenako anatembenukira kwa ine, osati kwa a Japhet.

"Unafukula ndiwe?"

"Eya, bambo. Iwowa sakuona."

"Ndi zokhazi? Palibe china chinatuluka?"

Naphiri anadzutsa mutu n'kundiyang'ana. Tamando ankandikoka khutu kumbuyo.

"Zina zinatuluka zophwanyika, zosatseguka," ndinatero. "Zooneka ndi zimenezi."

Anandiyang'ana nthawi yaitali, m'maso mwenimweni. Ndinaganizira za mchere, za soda, za china chilichonse, kuti nkhope isagwedezeke. Kenako ananyamula sipanala n'kuimenyetsa pa tebulo, pafupi penipeni ndi chala chaching'ono cha amuna anga. Thabwa linang'aluka. A Japhet sanasunthe.

"Linalo lisunge," anatero. "Percy, matisheti akhale atatha dzuwa lisanalowe."

Anatenga fulashi yawo yofiira ndi khadi ija n'kutuluka. Naphiri anatsalira pang'ono akukonza duku, anafuna kunena kanthu, koma anamuitana kunja ndipo anapita. Amuna anga anakhalabe dzanja lili pa tebulo mpaka ndinachita kulinyamula ndekha. Pamwamba pake panali mzere wakuda wa chitsulo.

Chikhakha anachotsa, koma lamanja silinabwerere. Zala zitatu zinauma zopindika, ndipo kukazizira salola kuti munthu alikhudze. Maso anachira. Laputopu ina sitinapeze, ndiye amagwirira ntchito pa kompyuta ya Percy, pakona, ndipo awiriwa amayankhulana za ntchito zokha. Kapulogalamu ka nyimbo kaja anakalembanso ndi dzanja lamanzere, usanaone kuchedwa kwake. Tsopano sikasesa kanthu kasanakuonetse zomwe zili m'kati n'kukufunsa kawiri, moti a kabaza amadandaula kuti kamafunsa ngati apongozi. Anyamata a ku depoti amabwerabe ndi makhadi awo, ena mwa omwe anawaponda aja, ndipo amawaikira.

Chomwe sanazolowere ndi moni. Kwathu kupereka dzanja lamanzere kwa munthu wamkulu ndi mwano. Lamulungu lapitali kutchalitchi kunabwera mkulu wa mpingo wachilendo, wosadziwa nkhaniyi, akupereka moni pakhomo. A Japhet anabisa lamanja m'thumba la jekete n'kutambasula linalo.

"Pepani bambo, ndi lamanzere."

Mkuluyo analiyang'ana, n'kuyang'ana ine, kenako analandira ndi manja awiri.